Napolo wathu wa simenti wang'aluka msana, tsiku loonetsa layandikira, thandizeni

Mphunzitsi_Chitakale

Akuluakulu ndi amayi a m'gulu muno, ndithandizeni msanga mutu waima. Mu Okutobala chaka chathachi ine ndi ana a kalabu ya zachilengedwe pasukulu pathu tinaumba Napolo, chinjoka cha m'phiri chija, pabwalo. Kutalika mamita 9, mutu wadzuka mita imodzi ndi theka. Mkati muli mabotolo apulasitiki omwe ana anatola kumsika ndi m'ngalande za mumsewu, tinawatsendera majumbo, kenaka zitsulo za konkire za Y10 ziwiri kutsata msana, maringi a zitsulo zing'onozing'ono za R6, chikeni waya pamwamba, pulasitala wa 1:4 (muyezo umodzi wa simenti, inayi ya mchenga) makoti awiri, penti ya oyilo yobiriwira. Mamba tinaika magalasi a mabotolo osweka.

Mvula yatha tsopano ndiye onani zomwe yandisiyira. Ming'alu yopingasa pamsana malo anayi, umodzi ukulowa msomali wa 2 inchi. Dzimbiri likuchucha m'mbali, penti ikusendeka ndi chala chokha, pakhosi ndikagogoda pakumveka kuti pulasitala wasiyana ndi zamkati. A hedi akufuna pa 5 Juni, tsiku la zachilengedwe, a PEA (alangizi a masukulu a m'zoni) ndi makolo adzamuone ali bwinobwino. Ndili ndi matumba awiri a simenti ya mtundu wa 42.5 basi, ndalama ina palibe. Ndimate ming'aluyi ndi simenti yosasakaniza ndipakenso penti? Kapena pali mankhwala othira? Zogumula musandiuze chonde. Ana ambiri amene anaumba chinthuchi nyumba zawo zinapita ndi namondwe wa Freddy mu 2023, kwa iwo si choseweretsa.

Mmisiri_Luchenza

Mchenga munautenga kuti aphunzitsi? Yankhani kaye limeneli.

Mphunzitsi_Chitakale

Wa mumtsinje, anyamata anatuta pa wilibala kuseri kwa sukulu. Mchenga ulibe vuto achimwene, womwewo anamangira zimbudzi za sukulu zili chiimire.

Mmisiri_Luchenza

Chimbudzi ndi njerwa, simenti imangogwira pakati. Inu mwaumba chikhungwa chopyapyala chomwe chikudalira matope okha, ndiye mchenga ukaipa zonse zaipa. Mu Okutobala madzi amakhala ataphwa, anyamata sapita pakati pa mtsinje, amangokumba m'gombe pomwe pali pafupi, ndipo wa m'gombe ndi wosakanikirana ndi katondo wa m'minda. Chidutsire Freddy mitsinje yathu yambiri inadzaza dothi, malo omwe tinkatapa mchenga woyera pano ukaufumbata umasiya chikhatho chofiira. Tengani botolo loonekera, ikani mchenga masentimita 10, thirani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani, musiye ugone. Mawa muone matope omwe akhale pamwamba pa mchengawo. Akayandikira sentimita yathunthu, yankho lanu ndi limenelo.

Mayi_Woumba_Bvumbwe

Pepani aphunzitsi, ndikudziwa mmene zimawawira. Koma simenti yosasakaniza ayi, musayerekeze. Imafota ikamauma kuposa yosakaniza ndi mchenga, pakatha milungu iwiri mudzapeza mng'alu womwewo wabwerera ndi ana ake m'mbali.

Ndikufunseni, ming'alu inayiyo yatalikirana mofanana? Ngati ili pafupifupi mamita awiri awiri, ndiye kuti chinthucho chadzidulira chokha majointi omwe chimafuna, mipata yopumira ija. Mamita 9 a pulasitala wosadukiza, padzuwa la Okutobala, sangakhale osang'aluka ngakhale mchenga mutautsuka ndi sopo. Masana amafutukuka, usiku amabwerera. Nanga munathirira masiku angati, ndipo munafunditsa chiyani?

Mphunzitsi_Chitakale

Inde amayi, yatalikirana chonchomo ndithu, kupatula wa pakhosi. Tinkathirira m'mawa uliwonse masiku a sukulu, Loweruka ndi Lamulungu kunalibe munthu, mjigo uli kutali. Sitinafunditse. Penti tinapaka sabata yachiwiri chifukwa kunkabwera alendo.

Mayi_Woumba_Bvumbwe

Kuthirira m'mawa wokha mu Okutobala, ikamakwana 10 koloko pauma kale. Simenti siuma ngati dongo la mbiya, imalimba ndi madzi, ndiye imafuna chinyontho chosadukiza masiku osachepera 7, ndipo mphamvu zake zenizeni timawerengera pa masiku 28. Ine ndimafunditsa ziguduli zonyowa kenaka pepala lapulasitiki pamwamba, ndi miyala m'mbali kuti mphepo isalowe. Penti ya oyilo pa simenti ya sabata imodzi ndiye singagwire, simenti yaiwisi imaidya kunsi n'kuisandutsa ngati sopo, n'chifukwa chake ikusendeka ndi chala.

Ngati mukonze, ng'ambani mng'alu uliwonse ndi tchizulo ukhale wotambasuka kukamwa, chotsani zonse zogwedera mpaka mufike pomwe pakulira molimba. Nyowetsani pakalepo tsiku lathunthu, pakani phala la simenti, mutapeza SBR (mankhwala omatitsa simenti yatsopano pa yakale) ku hadiweya ndi bwino koposa, kenaka matope a 1:3 a mchenga wosefa phalalo lisanaume. Koma iwiri mwa ming'aluyo ine ndikanaisiya ikhale majointi, kungoikonza milomo kuti izioneka ngati mizere ya thupi la njoka.

Wowotcherera_Limbuli

Zonse anenazi nzoona koma mukuiwala chomwe chikundiopsa ine. Dzimbiri likamachucha kunja ndiye kuti mkati ntchito inayamba kale. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa kangapo kuposa mmene chinalili, ndipo chimakankha pulasitala kuchokera mkati. Mukamata pamwamba n'kupaka penti mwapanga chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chikeni wayayo inali yagalavanaizi kapena yakale ya pakhola? Nanga Y10 yakwiririka masentimita angati? Panja, kuno kwathu komwe mvula imapitirira mamilimita 2,000 pa chaka m'madera ena, chitsulo chofunda sentimita imodzi ndi chitsulo chamaliseche. Ine sindichepetsa pa 3.

Ndikuuzeni za njobvu yomwe ndinawotcherera pa loji ina cha ku Thyolo. Mafelemu a njinga, madiramu odula, mapaipi a 4 inchi kumiyendo. Ndinaboola timabowo kunsi kwa phazi lililonse kuti madzi azituluka. Mwini malo anati timabowoto tikulowetsa nyerere, anaitana mnyamata wake n'kutseka ndi simenti ine nditachoka. Dzinja lachiwiri anandiimbira kuti njobvu yapendekeka. Nditaboola mwendo wakutsogolo ndi dirilo, madzi ofiira anatuluka kudzaza ndowa, paipi inali itadyeka moti chala chinkalowa. Madzi sanalowere pansi ayi, analowera pamsana, m'malumikiziro, kadontho kadontho, kuphatikiza nkhungu ya m'mawa uliwonse. Napolo wanuyo pano ali ndi makomo anayi pamsana ndipo alibe khomo lotulukira. Musanagwire chipande boolani kumimba, malo otsika, muone chomwe chituluke.

Mmisiri_Luchenza

Madziwo alowa bwanji ngati pulasitala anali wabwino? Mchenga wa dothi umamwa madzi ambiri posakaniza, ukauma umasiya timabowo, ndiye mvula imadutsa. Dzimbiri ndi mwana, mayi wake ndi mchenga. Ndaumba matanki a ferosimenti (simenti yomata pa waya) a malita 5,000 ndi chikeni waya yomweyi, makulidwe masentimita 4 okha, ali ndi madzi mkati chaka chonse ndipo sachucha. Kusiyana kwake mchenga ndimatsuka ndekha ndipo ndimasakaniza 1:2 kapena 1:3, osati 1:4.

Wowotcherera_Limbuli

Thanki ndi yozungulira madala, ndipo palibe mwana amaikwera. Osafananiza.

Madamu_Expressive_Thyolo

Pamenepo mpomwe ndimafuna kulowera. Aphunzitsi anzanga, ine nkhani ya ming'alu ndisiyira amisiri, ndilankhule za ana. Chinthu chilichonse chooneka ngati benchi pabwalo la sukulu ana amakhalapo, amakwera, amadumphira. Nthawi ya buleki mutu umenewo umanyamula ana angati inu muli mu ofesi? Mwanena kuti pakhosi pasiyana. Mutu wa simenti wa mita imodzi ndi theka ukagwera mwana wa sitandade 1, palibe adzakumbuke kuti munkaphunzitsa zachilengedwe. Mawa lomwe zingani chingwe, ikani mphanda yochirikiza kunsi kwa chibwano, ndipo a hedi muwauze polemba, osati pakamwa, kope limodzi musunge.

Chachiwiri magalasiwo. Pulasitala akamasendeka mamba amatsala ndi mano panja. Pasukulu ina ya m'zoni mwathu anakongoletsa mpanda wa maluwa ndi mabotolo osweka, mtsikana anagwerapo pothamanga, anasokedwa m'chikhatho, ndipo komiti ya sukulu inaletsa zoumba zonse mpaka lero. Ife a Expressive Arts amationa kale ngati aphunzitsi a masewera, ndalama ya SIG yotukulira sukulu ikabwera timakhala omalizira, ndiye ngozi imodzi imatseka khomo kwa tonse. Zotsekera za mabotolo, timiyala ta mumtsinje, zidutswa za matailosi zopalidwa m'mbali, zonsezi zimapereka mamba abwino. TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi kuja, sikutanthauza kuti chilichonse chomwe tatola chikhale m'manja mwa mwana.

Ndipo pokonzapo ana asagwire matope a simenti ndi manja. Imawotcha pang'onopang'ono, mwana samva mpaka madzulo khungu litayera n'kuyamba kusupuka pakati pa zala. Opanda magolovesi atunge madzi, anyowetse ziguduli, asefe mchenga. Gulayinda ikamalira akhale kutali, fumbi lake si labwino m'chifuwa.

Mphunzitsi_Chitakale

Chingwe ndizinga mawa madamu. Chikeni waya inali yosakaniza, ina yatsopano ina anapereka makolo. Koma anthuni nthawi, lero ndi pa 12 Meyi. Za mutuzo ndaganiza, bwanji nditaudula n'kuikapo wamtengo? Pali bambo wina wandilonjeza chipika cha mkungudza, akuti nchakale, chinali mtanda wa nyumba. Mkungudza suola, chiswe sichiudya, ndipo ungapepuke. Achimwene a ku Likhubula mulipo? Mungaseme masiku angati?

Msemi_Likhubula

Ndilipo aphunzitsi, koma chipika chimenecho ine sindichigwira. Aliyense wogulitsa mkungudza masiku ano amati ngwakale, unali mtanda wa nyumba, unagwa wokha. Ndakhala ndikusema pano kuyambira ndili mnyamata, timabokosi ta mkungudza ndi ndodo zokwerera phiri ndi zomwe zinatiphunzitsa ntchito, ndipo ndinaona ndi maso anga anthu akutsika ndi matabwa pamutu usiku mpaka mitengo ikuluikulu inatha ku Chambe ndi ku Lichenya. Mtengo umenewu kwawo ndi phiri lino la Mulanje lokha padziko lonse, ndi mtengo wa fuko kuyambira 1984, ndipo mbande zomwe a MMCT, bungwe losamalira phirili, ndi a Forestry akhala akubzala zidzatenga zaka makumimakumi kuti zifike pokhala chipika. Popanda pepala la a Forestry mtengowo ndi mlandu kwa inu ndi kwa ine. Komanso taganizani, tsiku la zachilengedwe, alendo ataima, mwana akulakatula ndakatulo yoti tisamale phiri, mutu wa Napolo ukununkhira mkungudza. Fungo lake silibisika, aliyense wa kuno amalidziwa. Chaka cha 2025 phirili linalowa m'kaundula wa UNESCO, maso achuluka.

Mukafuna wamtengo ndithu pali bulugama kapena sendeleya, koma ndikuchenjezeni, mtengo ndi simenti sizigwirizana. Mtengo umamwa chinyontho n'kutupa, chilimwe umabwerera, ndiye polumikizira pamatseguka chaka choyamba. Bulugama wosauma bwino amang'ambika kutsata utali. Ndinasemapo chikwangwani chachikulu cha bulugama cha bungwe lina, ndinawauza kuti chikhale pa chitsulo chisakhudze dothi, iwo anachikwirira pansi kuti chizioneka ngati chamera. Chiswe chinalowa pakati n'kusiya khungu lokha la vanishi. Ndalama yotsala sanandipatse, ankati mtengo ndinasankha woipa.

Ndipo masiku omwe atsalawa sindingaseme mutu wa msinkhu umenewo ndi kasemasema n'kuuma bwino. Iwalani.

Mayi_Woumba_Bvumbwe

Mutu musadule. Tsegulani khosi kunsi muone Y10 zija ngati zikadali zamoyo, palani ndi bulashi yawaya mpaka ziwale. Kenaka paipi kapena angulo ayironi kuchokera pansi, yomizidwa mu konkire yakeyake, ikagwire kunsi kwa mutu. Mutha kuibisa poiumba ngati mwala womwe njoka yatsamira. Thumba limodzi lithera pamenepo.

Mabotolo aja munawayeza kulemera? Botolo la 500ml lotsenderedwa bwino liyenera kufika magalamu 170 kapena kuposa, ukaliponda lisabonyoke. Ana amatopa msanga, amaika majumbo asanu n'kutseka. Botolo lofewa limabonyoka mwana akakhala pamwamba, ndipo simenti sigwira papulasitiki, ndiye pulasitala amatsala m'malere. Ndikukayikira kuti kulira kwa pakhosiko n'kumeneko.

Wowotcherera_Limbuli

Angulo ayironi ndili nayo yotsala, mamita awiri, mutumize mwana wamkulu pa kabaza adzatenge. Koma penti yoteteza dzimbiri ya redi okusaidi musapake mbali yolowa mu konkire, simenti imagwira bwino pachitsulo chosapaka. Pakani ya panja yokha.

Mmisiri_Luchenza

Mukonza khosi, mukonza msana, ndi mchenga uti? Womwewo wa kuseri kwa sukulu? Ndiye matumba awiriwo mwataya. Ine ndanena kuyambira m'mawa, palibe wayesa botolo. Kuyesa kwake kulibe mtengo.

Madala_Muloza

Ana anga, ine zoumba ndi simenti ndinasiya, maso anafooka, koma ndinaphunzitsa zojambula zaka zambiri ndipo ndifunse chomwe palibe wafunsa. Musanaumbe Napolo munakawagwadira amfumu? Makolo anagwirizana nazo onse, kapena a komiti okha? Kwa inu ndi phunziro la kugumuka kwa nthaka ndi kudula mitengo. Kwa agogo a ana amenewo Napolo si nthano. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi litatsika pa Phalombe ndinali kumeneko patangopita masiku ochepa, kukafuna abale. Miyala yaikulu kuposa nyumba ili pakati pa msewu, anthu akukumba ndi makasu. Palibe ankanena za mvula, onse ankati wadutsa. Za ku Zomba mu 1946 makolo athu ankazikamba chimodzimodzi. Freddy watsegulanso bala lomwelo.

Sindikuti munalakwa kumuumba. Ku Mua, ku KuNgoni komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, asema ndi kujambula zinthu zozama za makolo kuposa izi, koma ankayamba kukhala pansi ndi eni mwambo. Chomwe ndikuopa ndi ichi, mphekesera ikangoyamba yoti Napolo wa kusukulu wang'aluka yekha ndipo akutuluka madzi ofiira, simudzaizimitsa ndi chipande. Musanaboole kumimba monga akunenera achimwene a ku Limbuli, itanani amfumu ndi apampando a komiti aimirire pomwepo, muwaonetse waya wadzimbiri ndi manja anu, amve kwa inu kuti chofiiracho n'chiyani. Musaboole Loweruka muli nokha.

Mphunzitsi_Chitakale

Amfumu anabwera tsiku lotsegulira madala, analankhulanso. Koma zoboola pamaso pawo ndamva, ndikawaona. Funso langa likadali pa penti. Ndikamata sabata ino, pofika pa 5 Juni ndingapake? Sindingaonetse chinthu cha zigamba zotuwa.

Mayi_Woumba_Bvumbwe

Werengani nokha aphunzitsi, masiku 28 sakukwana, ndiye muli m'nyengo ya chiperoni. Kamvula kameneko ndi bwenzi la simenti, zigamba zanu zilimba bwino osavutika ndi mjigo, koma ndi mdani wa penti. Mukapaka pakhoma lonyowa imatuluka matuza, ndere zimamera kunsi kwake. Ya oyilo iwalani mpaka kalekale pa chinthu chimenechi, imatsekera chinyontho mkati. Mukafuna mtundu sakanizani okusaidi waufa, wopereka mtundu uja, m'matope omalizira, pang'ono, osapitirira gawo limodzi pa magawo 10 a simenti, apo ayi afooka. Koma mtundu sudzafanana ndi penti yakaleyo, ndiye mudzayenera kupala yonse. Mamita 9 ndi bulashi yawaya si ntchito ya masana amodzi.

Ine ndikanawauza a hedi kuti alendo adzaone ntchito ili mkati, ziguduli zili pomwepo, ana afotokoze okha chomwe madzi achita. Koma a hedi anu mukuwadziwa ndinu.

Madamu_Expressive_Thyolo

A hedi ambiri sangalole zimenezo amayi, amafuna chithunzi cha lipoti. Ine chaka china anandiuza kuti ndipake laimu pa zoumba za ana zadongo kuti ziwale alendo akamabwera, zonse zinafanana, ana sanathe kuzindikira chawo.

Mmisiri_Luchenza

Okusaidi mu mchenga wa katondo mtundu umatuluka wakuda bii. Tsukani mchenga mu diramu, madzi atatu, mpaka otsiriza atuluke oyera. Ndatha ine.

Wachinyamata_Thyolo

Pepani akuluakulu ndilowerere pang'ono poti nkhani ya kulipidwa yatchulidwa. Ndangomaliza kumene maphunziro, bungwe lina landipempha kuti ndipange ng'ona ya matayala akale pabwalo la ana, komanso ndiphunzitse achinyamata 15 kwa sabata ziwiri. Akuti andilipira ntchito ikatha ndipo zipangizo ndiyambe ndagula ndekha. Kuphunzitsako mumawerengera padera kapena mumaphatikiza? Nanga ikadzawonongeka ndi mvula wokonza ndani?

Msemi_Likhubula

Theka patsogolo mphwanga, polemba, ndipo zipangizo agule okha kapena akupatse ndalama yake padera. Kuphunzitsa ndi ntchito ina, uwerengere pa tsiku. Za kukonza mulembe miyezi yomwe udzabwere ulere, ikatha imeneyo alipire.

Wowotcherera_Limbuli

Matayala uboole kunsi lililonse, apo ayi wawamangira ana khola la udzudzu. Ndipo a mawaya otuluka m'mbali usatenge ngakhale akupatse ulere. Ng'onayo ikhala pa dothi kapena pa silabu?